Jekete la M'khola la Nkhunda

Rosiere, Wisconsin
6 Okutobala 1994

Okondedwa Azakhali a Lorraine,

Kwacha ndi chisanu lero. Udzu wonse unali mbee mpaka kumpanda wa a Vandertie, oyandikana nafe aja, ndipo madzi a m'ndowa ya panja anaundana pamwamba. Atsekwe adutsa m'mamawa kulowera kummwera, akulongolola ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Kupatula iwowo, galimoto ya mkaka ndi nkhunda zathu, pakhomo pano pali zii.

Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino. Nanga Agogo? Chiwatengereni Loweruka lija sindinamve kalikonse. Ndinaimba foni kunyumba kwanu koma munali kuntchito, komanso mukudziwa kuti pa foni mawu amandithera. Ndilembereni, ndipo musandibisire. Ndinaona mmene milomo yawo inadera pamene munkawakweza m'galimoto.

Mayi Vandertie akumabwera madzulo ndi poto wa supu ya nkhuku ija ya booyah, nkhuku yake yochuluka kuposa msuzi. Dzulo anaima pakhomo manja ali m'chiuno, amvekere, "Emery, mnyamata wa zaka sikisitini sangamakhale ndi mbalame zokha. Tenga mswachi wako udzagone kwathu." Ndinawauza kuti nkhunda zimadya basi ya sukulu isanafike. Iwo anati, "Ndiwe Delwiche weniweni, ngati agogo ako. Mutu ngati chitsa."

Anatinso poti inu ndi amene mumathandiza anthu kupuma kuchipatala cha asilikali akale, ndiye kuti Agogo ali m'manja mwa mwana wawo ndipo achira msanga. Ndinavomera, koma ndinazindikira kuti ntchito yanuyo sindiidziwa bwino. Kusukulu atiuza kuti tilembe za ntchito ya m'bale wathu mmodzi. Ena onse alemba za ng'ombe. Mungandifotokozereko?

Chimanga ndi nsawawa za mbalame zatsala theka la thumba. Ngati mungathe, tumizani kangachepe.

Nthenga ili m'katimu ndi ya Sajeni, nkhunda yaimuna yaikulu ija. Mbalame zayamba kuthothoka. Muwapatse Agogo, aidziwa okha.

Ndine wanu,
Emery

Milwaukee
12 Okutobala 1994

Emery wanga,

Moni, mwana wa mchimwene wanga. Kalata yako ndalandira, ndipo cheke cha chakudya cha mbalame ndi chimenecho. Nanga iweyo ukudya? A Vandertie usawakanire chilichonse, ndi amene anandigwira dzanja pamaliro a bambo ako.

Agogo ako akupeza bwino kuposa mmene tinkayembekezera. Thupi lasiya kutentha, milomo yabwerera mwakale. Madokotala akuganizira fodya wa zaka zija ndi fumbi la kumgodi wa miyala, koma akufufuzabe, chifukwa mapapo oonongeka ndi fodya sasintha msanga chonchi.

Uwauze a Vandertie kuti si ine ndikuwasamalira. Kuno salola munthu kugwira ntchito pa bambo ake omubereka, ndipo ndaona kuti ndi lamulo labwino. Tsiku loyamba nditaona mnzanga akuwabaya padzanja, ndinayang'ana kumbali ngati sindinaonepo singano. Amene ali nawo ndi Odell Pettiford, munthu wamtali wofatsa, amene ankathandiza ovulala m'gulu la nkhondo la pamadzi. Awiriwa sasiyana. Dzulo Odell anawapatsa kapaipi koyezera mphamvu ya mapapo.

"Kokani mpweya, madala. Tsopano uzirani. Uziranibe, uziranibe, musasiye."

"Mwana iwe, ukufuna ndilavule ndi chiwindi chomwe?"

"Chiwindi musunge, ine ndikufuna mpweya basi."

"Munthu wa pamadzi angandiuze chiyani? Inu nkhondo munkaionera m'bwato, mukudya ayisikirimu."

"Eya, ndipo ayisikirimuyo ndi amene wandipatsa mapapo abwino. Tiyeni kachiwiri."

Za kusukulu zija. Ndinaphunzira zaka ziwiri kukoleji, kenako ndinalemba mayeso a dziko lonse, boma n'kundipatsa chiphaso. Mayeso achiwiri, ovutawo, ndinakhoza utabadwa kale iwe. Dokotala amalamula, ife timachita n'kumayang'anira. Timatenga magazi mumtsempha wa padzanja kuti tione okosijeni, timapereka mankhwala okoka ndi mpweya, timachotsa makhololo ndi kapaipi kwa amene alephera kutsokomola. Amene sangathe kupuma okha timawalumikiza kumakina, ndipo akayamba kupeza mphamvu timawaletsa makinawo pang'onopang'ono, ngati kuletsa mwana kuyamwa. Munthu asanatuluke timamuyendetsa m'khonde, kachipangizo kali kuchala, kuti tione ngati afunika okosijeni kunyumba. Koma aphunzitsi ako uwalembere kuti theka la ntchitoyi ndi kukangana ndi madoda amene anapulumuka zipolopolo, ndipo safuna kuti wina awauze kapumidwe.

Nthenga ija ndinawapatsa. Anaiyang'ana, amvekere, "Sajeni ameneyu, phiko lakumanzere." Ili m'thumba la malaya awo ogonera.

Azakhali ako,
Lorraine

Milwaukee
14 Okutobala

Kapitawo,

Moni. Dzanja likunjenjemera. Ukalephera kuwerenga ufunse aphunzitsi ako, amalipidwira zomwezo.

Kuno kumazizira ngati m'tchalitchi mwathu. Chimene amatcha chovala n'chotsegula kumbuyo, moti munthu ukamayenda m'khonde dziko lonse limadziwa mbiri yako. Unditumizire jekete langa la m'khola, lili pamsomali kuseri kwa chitseko. A Vandertie asalichape. Ukawaona akuliyang'ana, uthawe nalo.

Mbalame zili bwanji? Nthawi yothothoka ino uziziikira madzi osamba Lamlungu, dzuwa likatuluka. Zitosi uzipala tsiku lililonse, osati pamene wakumbukira. Kabawi akakhala pamtengo wa kumsewu usazitulutse. Nkhunda ija Pusan uzimuona mwendo.

Akuti mwina anditulutsa Lachisanu la sabata yamawa. Azakhali ako amandidutsa m'khonde ngati wapolisi, koma wa pamadzi uja ndi munthu.

Agogo ako

Rosiere
17 Okutobala 1994

Okondedwa Agogo,

Moni. Ndasangalala kumva za Lachisanu. Ine ndili bwino, mbalame zili bwino, mwendo wa Pusan waphwa.

Jekete ndi limenelo. Munalota, chifukwa Mayi Vandertie anandipeza ndikuliika m'katoni.

"Chinthu chimenecho chipite kuchipatala chili choncho? Chikhoza kuima chokha pakona. Bweretsa kuno."

Ndinawauza kuti mbalame zimadziwa munthu ndi jekete lake, ndipo kulichapa n'chimodzimodzi kulowetsa mlendo m'khola. Anati, "Agogo akowo a Clement akupita kukagona m'khola kapena pabedi?" Koma anandithandiza kumanga katoniyo, n'kuikamo ndi chitumbuwa cha mapulamu. Chikafika chophwanyika si ine.

Chichokereni inu ndakhala ndikulivala ine polowa m'khola, manja ake nditapinda kawiri. Lero m'mawa ndalowa ndi juzi langa la kusukulu ndipo zonse zinathawira kudenga. Sajeni anandimenya ndi phiko. Ndinakhala pansi pakona osagwedezeka mpaka zinatsika, ndipo basi inatsala pang'ono kundisiya. Zizolowera.

M'thumba lakumanja ndadzazamo nthenga. Imodzi ya mbalame iliyonse, kuti muone ngati mungazidziwe zonse. Ya Pusan ndi yosavuta.

Nkhuni ndawaza. Bedi lanu ndalitsitsira m'chipinda chochezera kuti musamakwere masitepe, pafupi ndi zenera loyang'ana kukhola. Ana a Vandertie, Gale ndi Norbert, anandithandiza kunyamula. Za ntchito ya Azakhali ndinalemba, aphunzitsi anandiuza kuti ndiwerenge pamaso pa kalasi, ndinakana.

Lachisanu ndijomba kusukulu masana kuti mudzandipeze.

Mdzukulu wanu,
Emery

Milwaukee
22 Okutobala

Emery,

Moni. Pepa kuti sitinabwere dzulo. Agogo adwalanso, ndipo satuluka msanga. Ndalankhula ndi a Vandertie.

Chonde usatumizenso chilichonse chochokera kunyumba, ngakhale nthenga imodzi. Makalata uzilembera ine, osati iwo. Ndidzakufotokozera ndikadziwa zoona zake.

Azakhali

Rosiere
30 Okutobala 1994

Azakhali,

Moni. Ndikukhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Lachisanu lija ndinakhala pakhonde mpaka mdima. Galimoto iliyonse yochokera kumsewu waukulu ndinkaimirira. Kakalata kanu kanafika Lachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo palibe china.

Mayi Vandertie ndikawafunsa amangoti, "Azakhali ako akuuza okha," n'kundiwonjezera chakudya m'mbale. Koma makoma a kukhitchini kwawo ndi opyapyala. Ndinawamva pa foni akuuza achemwali awo za nyumba yosungira asilikali okalamba, kuti mwina a Clement apita kumeneko, ndiponso kuti "nanga mwanayo atani".

Tsono ndifunse. Kodi mwaganiza kale? Ngati mukuona kuti sindingathe kuwasamalira, munene. Chimwalirireni Ababa ndakhala nawo ine. Ndimadziwa tsiku limene chifuwa chawagwira asananene, chifukwa amamanga nsapato atakhala pansi. Ndimadziwa kuti akati "ndakhuta" ndiye kuti kutafuna kukuwabanikitsa. Inu mumadziwa makina, koma pa Khirisimasi pokha ndi pamene mumawaona.

Pepani, sindinafune kulemba mwamwano. Ndafufuta kawiri koma ndasiya choncho.

Chimene sindikumvetsa ndi choti ndisawalembere. Ndinalakwa chiyani? Ngati ndi jekete lija, kuti linakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu chifukwa cha fungo, analipempha okha. Ngati ali moti sangathe kuwerenga, ndiuzeni, ndikwera basi ya ku Green Bay Loweruka ndipo kumeneko ndipeza ina.

Ali moyo? Ndiyankheni chimenecho chokha.

Emery

Milwaukee
3 Novembala 1994

Emery wanga,

Ali moyo. Lero adya phala lonse ndipo atukwana wophika. Ndayamba ndi chimenecho.

Moni, mwanawe. Kalata yako yandiliza, ndipo za Khirisimasi zija sunaname. Ndinakhala chete chifukwa sindinafune kukuuza chinthu cholemera chonchi ndisanatsimikize. Ndinalakwitsa, kukhala chete kwakupweteka koposa.

Katoni yako inafika Lachitatu masana. Analivala pompo, n'kukwirira mphuno m'kolala, maso ali tsinzi. Nthenga zija anaziyala pabulangete n'kumazitchula maina. Pofika madzulo thupi linali moto, akupuma ngati athamanga mtunda. Anawasamutsira kuchipinda cha odwala kwambiri, ndipo Odell anawamanga chophimba kumaso cha makina okankha mpweya. Anawagwira dzanja n'kumapuma nawo limodzi mpaka mantha anatsika. Ine ndinali kunja kwa galasi, manja m'matumba.

Pamene Odell ankawavula jeketelo, malaya ake anayera mbuu. Anatuluka n'kundifunsa, "Lorraine, bambo ako amagwira ntchito pachigayo?"

Ndinati, "Ayi, ndi fumbi la nkhunda limenelo."

Tinayang'anana. Tonse tinaziphunzira kukoleji. Koma ine ndinakulira m'fumbi limenelo, moti sindiliona n'komwe. Tinakauza dokotala wa mapapo, iye anaitanitsa magazi ndi zithunzi zina, ndipo mayankho omaliza abwera dzulo.

Mbalame zako sizikudwala, ndipo si zauve. Ndi thupi la Agogo lomwe layamba kumenyana ndi fumbi la nthenga ndi zitosi, ndipo nkhondo yake ikuchitikira m'mapapo. N'chifukwa chake anayamba kuchira atangochoka pakhomo. Umve bwino apa. Jekete analipempha ndi iwo, ndipo nthenga yoyamba ndinawapatsa ndine ndi dzanja langali. Dokotala akuti zikanapanda kuchitikira muno, zikanachitikira kwanuko Loweruka lake, chipatala chili kutali. Makalata ako ndinawaletsa chifukwa cha fumbi lomwelo basi. Tsopano uziwalembera uli kusukulu, papepala la kusukulu. M'khola uzivala zophimba kumaso zimene ndaika m'katimu.

Zipsera zimene zili m'mapapo sizichoka. Adzafunika okosijeni masiku onse. Koma akhoza kukhala kunyumba, ndipo iwe ukhoza kuwasamalira, Odell wati akuphunzitsa yekha. Chovuta n'chimodzi. Sangabwerere pakhomo pamene pali nkhunda. Osati kuchepetsa, osati kusuntha khola. Zonse.

Dokotala atawachenjeza sabata yatha, mayankho omaliza asanabwere, iwo anafunsa kuti, "Ndikangomaziona pazenera?"

Dokotala anati, "Mnyamatayo azilowa nalo m'nyumba fumbilo, m'tsitsi ndi m'zovala."

Agogo anati, "Ndiye mundipezere bedi kunyumba ya asilikali okalamba."

Nkhani imene unamva kwa a Vandertie ndi imeneyo. Si ine ndinaiyambitsa. Ndawachonderera, ndakalipa, amangotembenukira kukhoma. Ndikuganiza kuti sangapirire kuona khola lopanda kanthu. Anayamba kusunga nkhunda ku Korea, zonyamula mauthenga, asanakumane n'komwe ndi agogo ako aakazi. Akuti malo akhoza kupezeka kumayambiriro a Disembala.

Sindikukupempha kanthu. Ndangofuna udziwe zonse.

Azakhali ako,
Lorraine

Milwaukee
5 Novembala

Kapitawo,

Moni. Azakhali ako akuti akuuza zonse, ndiye sindibwereza.

Usadandaule za ine. Kumene ndikupitako akuti kuli nyanja, chakudya katatu, ndi anyamata a ku Korea ambirimbiri. Tizisewera makadi tsiku lonse. Kunonso ndayamba kale, ndikuwakonda kwambiri. Munthu wa msinkhu wanga afunanso chiyani? Nkhuni ndatopa nazo.

Mbalame ndi zako tsopano, zonse, ndi wotchi ya mpikisano wa nkhunda yomwe. Ili m'kabati, pansi pa mabulangete. Mu Febuluwale umuphatikize Sajeni ndi mwana wa Pusan, wamadontho uja. A Vandertie avomera kuti uzigona kwawo, khola ndi pafupi.

Ndakhala ndikukuona, mnyamata. Kusukulu sulankhula, kutchalitchi umaima kumbuyo. Koma m'khola umaimba. Sudziwa kuti ndimamva. Munthu amafunika china chomudikira basi ikamutsitsa, ndipo sindikulanda chimenecho chifukwa cha mapapo awiri akutha kale.

Limeneli ndi lamulo. Usandiyankhe zambiri.

Agogo ako

Rosiere
14 Novembala 1994

Okondedwa Agogo,

Moni. Ndikulemba ndili m'laibulale ya kusukulu, manja ndasamba. Muli bwanji? Wa pamadzi uja mumupatse moni.

Munati ndisayankhe zambiri, ndiye ndinayamba ndachita kaye.

Lachitatu ndinaimbira foni a Renier a ku Green Bay, a kukalabu ya mpikisano wa nkhunda aja. Ndinaimba ndekha. Ndinalemba zonena papepala koma nditamva mawu awo ndinaiwala kuliyang'ana. Anabwera Loweruka ndi madengu pagalimoto yawo.

Atalowa m'khola anavula chipewa. Anamugwira Sajeni, kumutambasula phiko, amvekere, "Mbalame imeneyi yandidyera ndalama zaka zisanu. Clement akudziwa kuti ukuchita zimenezi?"

Ndinati, "Adziwa Lachitatu, positi ikayenda bwino."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya. Anati, "Mwana, ukudziwa kuti zazikuluzi sindingaziulutse? Ndikangotsegula, pofika nkhomaliro zili padenga pano. Zikhala zotsekeredwa mpaka kufa. Ana ake ndi amene adzauluke."

Ndinati ndikudziwa. Ndinaziika m'madengu ndekha, imodziimodzi. Pusan sanavute. A Renier anafuna kulipira, ndinakana, ndinangowapempha kuti Sajeni amuike chipinda cha zenera. Wotchi ndawabwereka, sindinawapatse. Akuti ndizipita kukaziona, bola ndikasambe ndi kusintha zovala kwao konko ndisanabwerere.

Dzulo titachoka kutchalitchi Gale ndi Norbert anabwera ndi thirakitala. Tinavala zophimba zija, tinanyowetsa zonse ndi madzi, tinagwetsa khola. Matabwa tinakaotchera kumunda wakumunsi. Mayi Vandertie achapa makatani, mabulangete ndi makoma omwe, ndipo sindinawaonepo osangalala chonchi.

Munalemba kuti mukukonda makadi. Agogo, inu mumati makadi ndi ntchito ya anthu amene nyumba zawo zilibe mazenera. Nyanja simuikonda, mumati ndi munda woonongeka. Azakhali akuganiza kuti mukukana kubwera chifukwa cha mbalame. Ine ndawerenga kalata yanu kangapo ndipo ndaona kuti ndi chifukwa cha ine.

N'zoona ndimaimba m'khola. Ndinkadziwa kuti mukumva, zenera la kukhitchini mumalisiya lotsegula ngakhale kukuzizira. Nkhunda sizidikira ine, Agogo. Zimadikira chimanga.

Loweruka madzulo sindinadye, sindikubisirani. Koma khola kulibe, kaya mubwera kaya simubwera. Lamulo lanu ndaliphwanya. Ngati mukufuna kundikalipira, mudzandikalipire kuno.

Mdzukulu wanu,
Emery

Milwaukee
18 Novembala

Emery wanga,

Moni. Uli bwanji, mwanawe? Ukugona?

Kalata yako anaiwerenga Lachitatu, n'kuipinda, n'kuiika pansi pa pilo. Nditalowa anati, "Unamutuma ndiwe?" Ndinati ayi. Anati, "Ndikudziwa. Iwe ukanalandira ndalama za Renier."

Dzulo m'mawa Odell atabwera ndi mankhwala anawapeza atavala kale nsapato.

"Iwe wa pamadzi, chibotolo chako chija cha okosijeni, cha matayala, chili kuti?"

"Si munati simungakoke chimenecho ngati galu, madala?"

"Bweretsa. Kuli mwana wina wosamva kumudzi, akufunika kukamuwongola."

Anayenda khonde lonse mpaka pazenera la kumapeto, kupuma kawiri panjira. Atafika anaima nthawi yaitali, chogwirira cha botolo chili m'manja. Odell anawasiya.

Kampani ya okosijeni ibweretsa makina Lachiwiri, uwatsegulire. Bedi ulichotse pafupi ndi chitofu cha nkhuni, lipite khoma linalo. Ife tinyamuka Lachitatu m'mawa. Odell sangachoke pantchito, ndiye wandipatsa ine ntchito yokuphunzitsa, akuti kunyumba lamulo lija silifika. Koma akufuna umulembere wekha mmene zikuyendera.

Azakhali ako

Rosiere
28 Novembala 1994

Okondedwa Bambo Pettiford,

Moni. Sitinaonanepo, ndine Emery, mdzukulu wa a Clement Delwiche. Muli bwanji, ndi odwala anu? Azakhali anati mukufuna kumva.

Makina akuyenda bwino. Muvi uli pa 2, pamene dokotala analamula. Azakhali anandibwerezetsa mpaka kutopa kuti ndisawonjezere ndekha ngakhale Agogo atabanika, koma ndiwakhazike tsonga, apume motulutsira pamilomo, zikapitirira ndiimbe foni. Ndaphunzira kusintha botolo ngati magetsi azima, ndi kutsuka timapaipi ta m'mphuno. Chipaipi chachitali chimafika kukhitchini ndi kubafa. Mayi Vandertie, a nyumba yoyandikana nafe, apunthwa nacho kale, ndipo Agogo akuti ndi msampha wabwino.

Atatsika m'galimoto sanalowe m'nyumba. Anakoka botolo lawo mpaka kuseri, pamene panali khola. Panatsala dothi lakuda lokha ndi miyala ya pamakona. Ine ndinaima kumbuyo kwawo kudikira kukalipiridwa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Miyalayi mwaisiyiranji? Ntchito ya theka." Atatero anandigwira pakhosi kumbuyo, dzanja lawo lozizira, ndipo sanandisiye mpaka tinafika pakhonde. Akuti ankafuna potsamira.

Masana amakhala pazenera. Mbalame iliyonse ikadutsa amadzutsa mutu. Loweruka ndinapita ku Green Bay, ndinasamba konko monga tinapangana. Nditabwera anandifunsa za mbalame iliyonse, kuyambira Sajeni, ndipo tinachedwa kudya.

Akuti ndikuuzeni kuti jekete lawo mukhoza kulitaya, koma musalichape.

Munafunsa Azakhali kuti pakhomo pakhala ndani. Lachitatu anabwera Agogo ndi Azakhali. Azakhali anakhala mpaka dzulo, tinadya limodzi nkhukundembo ya pa chikondwerero cha kuthokoza, ndipo akuti azibwera Loweruka lililonse limene sali pantchito. Ine ndabwerako kwa a Vandertie, kumene ndinagona sabata yathayi nyumba ikuuma, ndipo ndikugona pasofa pafupi ndi makina. Nkhunda sinabwere ngakhale imodzi. A Renier amatseka bwino.

Ndine,
Emery Delwiche